Maluwa a Pakhoma pa Wilf

Tiyi amene mpongozi wawo Hetty anawathirira anazizira m'kapu. A Gledhill maso anali pakhoma, milomo atakwinya ngati aluma ndimu.

Mkuluyu anakalambira pa ntchito yodinda ndi manja mapepala okongoletsa makoma ku Lancashire, ku Mangalande: kuviika chidindo chathabwa mu utoto, kukanikiza, kusuntha, kudindanso. Utoto wa pamanja ndi wochindikala, pepala likang'ambika umayoyoka tizibenthu. Wa makina ndi madzi enieni, umangolowerera. Mwana wawo Wilf anamuphunzitsa ntchitoyi ndi makofi. Duwa likangopendekeka, mbama. "Mmisiri weniweni dzanja lake silioneka," ankatero. Koma Wilf atakula anakalowa ntchito ku fakitale ya makina, ndipo bambo ake anasiya kumuyankhula. Lero anabwera chifukwa Hetty anachita kuwagwira mwendo kuti bambo ndi mwana ayanjane.

Tsono taonani chowalandira nacho! Pakhoma ponse panali maluwa awo omwe, a chidindo chimene chinasowa m'shedi mwawo chaka chatha. Duwa lililonse linali ndendende ndi linzake, popanda podontha, popanda pokhota. A Gledhill anagamuliratu mlandu. Mwanayu anaba chidindo n'kukapatsa makina kuti azisanza maluwa awo ngati nyuzipepala.

"Mwawaona bwanji, bambo?" anafunsa Wilf, manja ali kumbuyo.

"Nyansi!" anatero a Gledhill. "Wandiitanira zimenezi, iwe? Maluwa akufa awa! Ngakhale wakhungu angadziwe kuti apa sipanadutse dzanja la munthu. Chitsulo chilibe manyazi, koma iwe unayenera kukhala nawo."

"Bambo, tayambani mwamva kaye," anatero Hetty.

"Ndimve chiyani, mayi? Ndili ndi maso."

Anadzuka, napisa chikhadabo pamene pepala linalumikizana pafupi ndi chitseko, n'kukoka mwamphamvu. Linang'ambika mpaka pansi, kwee! Wilf anatola chipewa chake natuluka, ndipo kayendedwe kake kanaonetsa kuti sadzawaitananso.

Hetty anatenga kapu ija.

"Nyengo yachisanu yonse wakhala akudinda yekha pathebulo lomweli," anatero. "Amati mukapanda kuona dzanja lake, mudziwa kuti anaphunzira."

A Gledhill anayang'ana pansi. Nsapato zawo zinali mbuu ndi tizibenthu ta utoto.