Mkamwini wa M'khoma

Chikhazikitsireni lamulo loti aliyense wodwala matenda oiwala azikhala m'kanyumba kolankhula, pakhomo pa Esinta padalibenso mtendere. Kanyumbako aboma adadzakamanga kuseri kwa khola: njerwa zotchipa, penti wobiriwira amene akuti amatonthoza mtima, ndi kabokosi kukhoma kolankhula ndi mawu a wachibale kuti wodwala asasungulumwe.

Tsiku lojambula mawuwo Esinta adali kudimba. Amene adathamangira kukajambulitsa mawu ndi mwamuna wake Lufeyo, munthu woti akamva mawu ake omwe amadzimva shuga.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse khoma linkakuwa kuti, "Amayi, dzukani mudye phala!" Amayi ake a Esinta, a Nangozo, ankangofunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukona. Dzina la mwana wawo adaliiwala, koma zoti munthu sadya pamaso pa mkamwini adazisunga. Phala linkazizira, iwo n'kumaonda.

"Anthu ophunzira adaziyesa zimenezi," adatero Lufeyo. "Mawu a wachibale amakhazika mtima pansi."

"Ophunzirawo alibe apongozi?" adafunsa Esinta. "Nanga inuyo mudakulira mu ofesi?"

Adatola chitsononkho, n'kuchikulunga m'sanza, n'kukachitsindira pakamwa pa kabokosiko. Khoma lidang'ung'udza pang'ono, kenako zii.

"Atuluka, amayi. Idyani."

A Nangozo adasuzumira kunsi kwa chitenje, n'kukoka mbale. Atameza kawiri adamuyang'ana Esinta ngati mlendo wachifundo.

"Mkamwini wanji wogona kuchipinda kwa apongozi? Mwanawe, ukamuona mkazi wake umuuze kuti adatola chitsiru."

"Akudziwa kale, amayi," adatero Esinta.