Munthu Amene Ankagulitsa Mpweya

Panali munthu wina amene amalume ake anamusiyira malo okonzera njinga. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaziona ndi maso ake, ndipo si munthu wabodza kwenikweni. Amalumewo maso anali atayamba kuchita chidima, sipoko imodzi ankaiona ziwiri, ndiye anati basi akapume. Malowo anali kachipinda ka lendi m'mbali mwa msewu. Panali khonde, benchi, beseni la madzi lofufuzira pobooka pa chubu, ndi pampu yakale imene inkakhala pamsomali panja.

Pomupatsa makiyi anamuuza kuti china chilichonse akhoza kusintha, koma chimodzi chokha ayi.

"Mphwanga, pampuyo isachoke pamsomalipo. Aliyense azipopa ulere. Ndi imene yandidyetsa ine."

Iye anavomera ndi pakamwa, mumtima akuseka. Chinthu chaulere chingadyetse bwanji munthu? Pajatu mphwakeyu anali mkulu woumira. Akuti akafuna kuyetsemula ankathamangira m'nyumba n'kutseka chitseko, kuopa kuti mpweya wake ungapite kwa aneba.

Amalume atangopotoloka, anazula msomali uja, pampu yakale n'kuiponya kudzala. Anagula ina yonyezimira, yopopa ndi phazi, n'kuimangirira tcheni ndi loko. Benchi anailowetsa m'kati, akuti anthu akuitha ndi matako. Wofuna kupopa ankayamba walipira, ndipo tayala la kumbuyo linali lokwera mtengo chifukwa akuti limadya kwambiri.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wonyamula anthu panjinga, atakweza mayi wodwala. Tayala linali litaphwa, ndiye anapempha kuti angopopa pang'ono ulere afike naye kuchipatala. Mkulu uja anamuyankha kuti mpweya ndi wake, anachita kugula. Bamboyo sanakangane naye. Anatsitsa wodwala uja, n'kuyamba kukankha njinga. Kuyambira pamenepo dzina la mkulu uja linakhala a Mpweyangwanga.

Tsidya la msewu, pansi pa mtengo, panali mayi wogulitsa nthochi. Zonsezi anaziona. Anapita kudzala kuja, anatola pampu yakale, mwamuna wake n'kuiikira kachikopa katsopano. Anakhoma msomali pamtengo, naipachika. Sankaganiza za bizinesi ayi, anangomva chisoni.

Koma pampu ili ndi khalidwe lake. Munthu akamapopa amawerama, ndipo akawerama ndi pamene amaona kuti sipoko yathyoka, buleki yadyeka, tayala layamba dazi. Ndi pamenenso amamva kuti tsiii, chubu chabooka. Ndiye munthu waona vuto ali pamtengo, angawolokenso msewu kupita kwa amene amagulitsa mpweya? Ankangofunsa kuti, mayi, palibe angandimatire pano? Mwamuna wa mayiyo ankadziwa kumata chubu basi, koma anayamba ndi chomwecho. Kenako anagula sipanala. Kenako anaika benchi. Odikira ankadya nthochi, wopanda kanthu ankapatsidwa yakupsa kwambiri ija. Posakhalitsa njinga zinachuluka pamtengopo moti akuti mbalame zinkasowa potera, zinkangotera pa mahandulo.

Kwa a Mpweyangwanga kunali zii. Pampu yonyezimira ija kangaude anamangapo nyumba, naye anasamuka ataona kuti ngakhale ntchentche sizifikako. Akazi awo anawauza kuti amasule tcheni, abweze benchi panja, sikunade. Iwo anati anthuwo abwera okha, chifukwa wodziwa kuwongola mikombero mumsewu wonsewo ndi iwo. Zinali zoona ndithu, dzanja anali nalo. Koma dzanja lopanda njinga ndi longokandira m'mutu.

Mapeto ake mwini nyumba anafuna chipinda chake. Mkulu uja anagulitsa zitsulo zonse, ndi pampu yomwe, ndi tcheni chake chomwe. Anamangirira matiresi ndi ndowa panjinga yake kuti azipita. Atangokwera, tayala la kumbuyo linali phwa, lija lodya kwambiri lija.

Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Pampu mumsewu wonsewo inali imodzi. Anawoloka akukankha, nkhope ili pansi.

Pabenchi panali bambo uja wa wodwala. Anafunsa mofatsa, "A Mpweyangwanga, kodi wanu uja watha?"

Anthu anaseka, koma mayi wa nthochi anawaletsa ndi dzanja. Anatsitsa pampu pamsomali n'kumupatsa.

"Popani, achimwene. Mpweya ndi wa Mulungu."

Atangoigwira anaizindikira. Chogwirira chake chinali chokulunga ndi mphira wa chubu, mmene ankakulungira amalume ake. Anawerama n'kuyamba kupopa, ndipo pomwepo anamva kuti tsiii. Mwamuna wa mayi uja anali atafika kale ndi beseni la madzi ndi chigamba. Apa m'pamene mawu a amalume analowa m'mutu, atadutsira kumsana.

Akudikira kuti guluu aume, mayiyo anamupatsa nthochi. Anamuuza kuti mwamuna wake mikombero imamuvuta, akaiwongola njinga imayenda ngati yaledzera, ndiye ngati alibe kolowera abwere mawa adzathandizane.

Anabweradi. Mpaka pano ali pamtengopo, waganyu pa bizinesi imene anaitaya yekha kudzala. Ntchito yake yoyamba m'mawa uliwonse ndi kupachika pampu pamsomali. Dzina lija lokha ndiye linakana kuchoka.

Phunziro: Ukamayamba bizinesi, yamba wafunsa kuti anthu uwathandiza chiyani, za m'thumba zimabwera pambuyo. Kupatsa n'kuika, ndipo kanthu kakang'ono kamene ukuti kakungopita ulere mwina ndi kamene kakukuitanira anthu pakhomo. Tumizirani abale ndi anzanu onse amene ali ndi kabizinesi, makamaka uja mwamuganizira mukuwerengayu. Musaope, kutumiza n'kwaulere.