Mfuko Adathamangitsa Womuuza Pokumba

Padangokhala, chaka chimene mitsinje yonse idaphwa, Mfuko ndi Chule ankagwira limodzi ntchito yokumba zitsime. Mfuko ndiye ankakumba. Chule ankangogoneka mimba pansi kumvetsera chinyontho, kenako n'kunena kuti, "Kumbani apa, achimwene."

Zimenezi zinkamuwawa Mfuko. Tsiku lina adamukalipira: "Ine thukuta kamukamu, iwe uli phee ngati mlendo! Manja akowo adakhudzapo dothi?" Adamuthamangitsa, n'kulemba ntchito abale ake khumi, onse a zikhadabo ngati zake.

Posakhalitsa Njovu idalengeza kuti gulu loyamba kupeza madzi ndilo lizikumba zitsime zonse za m'nkhalango. Njiri, amene ankakumba pang'onopang'ono, adamtenga Chule uja. Mfuko adangoseka.

Gulu lake lidayamba kukumba, fumbi koboo! Dzenje loyamba adapeza thanthwe, lachiwiri mchenga wouma. Onse ankadziwa kukumba, koma wodziwa pokumba panalibe. Tsiku lachitatu adamva nthungululu: Njiri wapeza madzi, padzenje limodzi lokha.

Ludzu lidamukokera Mfuko pamzere wa pachitsimepo, ndipo womutungira madzi adali Chule yemweyo.

"Imwani, achimwene," adatero Chule, mopanda mangawa.

Mfuko adazyolika. "Masiku onse aja ndinkayesa ukugona."

"Ayi, ndinkamvetsera."

Mfuko adamwa madzi ozizira bwinowo, n'kubwerera mwamanyazi kukakumba popanda Chule. N'chifukwa chake mpaka lero mukuona milu ya dothi apa ndi apo m'minda mwanu. Ndi Mfuko ameneyo, akukumbabe mwamphamvu, popanda womuuza pokumba.