Muimbireni Mlimi Mmodzi

"Mapepalawa asiyeni, achemwali," anatero bwana amene Sumaiya ankayembekezera kuti aika ndalama mu bizinesi yake. Anakankhira pambali pulani imene mtsikanayo anathera nyengo yonse yokolola akulemba m'tauni. "Masiku ano timamvera anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu. Muimbireni mlimi mmodzi timve."

Pulogalamu ya pafoni ya Sumaiya inkauza alimi a ku Nsaru mitengo ya mtedza, koma wolowetsa mitengoyo anali iye yekha. Anaimbira a Damiano, mlimi amene anali woyamba kulembetsa pa pulogalamuyo, nakweza mawu a foni.

"Ndiwe Sumaiya eti? Mitengo yako tinaidikira mpaka kutopa, mwanawe. Mtedza tinangotaya kwa mavenda. Koma usadandaule, mayi ako anatiuza kuti ukulemba zotithandiza."