Nsapato ya Phazi Lotsala

Lachisanu, cha m'ma teni koloko m'mawa, msoki wa nsapato anaona dontho la magazi pasimenti. Linali pakati pa mpando wake ndi benchi ya makasitomala, pomwe panakhala mkulu wake ndi mlamu wake, mkazi wa mkuluyo. Anapitiriza kusalaza m'kati mwa nsapato imodzi ya mkulu wakeyo, ya kumanja, nambala naini.

Ya kumanzere sinkafunikanso. Mwendo umenewo madokotala anaudula pa 14 Malichi, m'munsi mwa bondo. Zinayamba ndi kathuza pa chala chaching'ono, pa 2 Febuluwale. Masiku makumi anayi basi.

Matenda a shuga msokiyo ankawadziwa bwino. Anawaphunzirira pa bambo ake, omwe anawadwazika zaka zisanu ndi chimodzi. Namwino wina anamufotokozera kamodzi ndipo sanaiwale. Kapamba kakafooka, kapena thupi likaleka kumvera insulini yomwe kapambayo amatulutsa, shuga salowa m'minofu momwe amafunika. Amangozungulira m'magazi n'kumadya timitsempha mwakachetechete, m'maso, mu impso, m'mapazi. Phazi limasiya kumva. Chilonda chikabwera sichipweteka, komanso sichipola. Bambo awo anayamba kutaya zala, kenako miyendo yonse iwiri, kenako maso. Anaikidwa m'bokosi lalifupi.

Mlongo wawo anapita ndi impso, Okotobala wa chaka chatha. Pa ana atatu, abale ankati msokiyu ndiye anapulumuka. Tiyi ankamwa wopanda shuga. Mimba analibe; chaka chino chokha anali ataboola mabowo awiri atsopano pa lamba wake, ndipo makasitomala ankamuyamikira kuti akubwerera ku unyamata. Ndiye ankaperekeza mkulu wake kuchipatala Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, n'kumudikira panja.

Nsapatoyi inamutengera sabata yathunthu. Inalibe msoko m'kati, inalibe msomali ngakhale umodzi, chifukwa phazi losamva likhoza kuphedwa ndi kamchenga. Lolemba singano yaikulu inathyokera pa chikopa cholimba cha pansi, nsonga yake n'kudumpha. Anasesa kawiri, osaipeza. Poopa kuti yatsalira m'kati, anaphwasula nsapato yonse n'kuyambiranso.

Anaimirira kukatunga madzi m'ndowa ya pakona. Inali kapu yachinayi m'mawa umenewo. M'kanyumba ka malata mumatentha. Pobwerera anadutsa pa benchi paja ndipo anaona madontho ena awiri, pafupi penipeni ndi phazi la mkulu wake. Kenako anakumbukira kafungo. Anayamba kukamva Lachitatu, tsiku lomwe mkulu wake anabwera kudzayesa nsapato. Iye ankayesa ndi chikopa chatsopano. Tsopano anakazindikira. Ndi kafungo komwe kanali m'chipinda cha bambo awo.

"Achimwene, tavulani sokosi."

"Kodi pano ndi pa sikelo? Ine ndabwerera nsapato."

"Tavulani."

Mlamu anatsatira maso ake mpaka pasimenti. Anagwira pakamwa.

"Abambo, paja munati mwaliona phazili m'mawa."

"Ndinaliona. Ndi kagalasi komwe."

"Ndi maso ati?" anatero msoki. "Dzulo lija munapereka moni kwa mgolo wa madzi."

Palibe anaseka. Onse atatu ankadziwa zomwe dokotala ananena pa 30 Epulo: magazi akufika ochepa kwambiri ku phazi lotsalali, ndipo chilonda china chikadzabwera, sipadzakhala zokambirana zambiri.

Mkulu wake anakokera phazi kunsi kwa benchi n'kufungatira ndodo zake zoyendera.

"Ukachipeza utani, iwe? Uchisoka?" Mawu ake anali otsika. "Ndimwa mapiritsi, ndabayidwa, ndasiya zonse zokoma, koma chinthuchi chikungondidya ndili moyo. Ndisiyeni ndi mwendo wangawu mpaka tsiku langa. Bokosi lalifupi ine ayi."

"Tikapita lero, mwina akhoza kulipulumutsa."

"Bambo tinawapititsa tsiku lomwelo."

Zinali zoona. Msoki anayang'ana nsapato yomwe inali pa tebulo, yofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi, ndipo anadziwa kuti mwina sidzapondako pansi. Komabe anagwada pasimenti, monga ankagwadira pamaso pa bambo awo, natulutsa phazi lija ndi manja awiri. Mwini wake anayang'ana kudenga.

Anavula sokosi pang'onopang'ono. Anakokera phazi cha kukhomo kuti aone bwino, pakuti miyezi imeneyi m'kanyumbamo munkamuonekera mdima ngakhale masana. Linali lozizira, khungu lake lowala ngati pepala. Anatsegula pakati pa zala, chimodzichimodzi. Anayang'ana zikhadabo. Anasisita kunsi konse ndi chala chachikulu, mpaka kuchidendene. Anabwerezanso kachiwiri. Anatembenuza sokosi, naiyang'ana, nainunkhiza.

Inali youma, yoyera. Phazi linalibe ngakhale kokalika.

"Mulibe chilonda, achimwene."

Mkulu wake anatulutsa mpweya wautali. Kenako anaseka, koyamba chichokere m'chipatala, misozi ikutsika m'masaya.

"Waona? Dokotala wa zikopa iwe! Bweretsa nsapato yanga ndikavine."

Msoki nayenso anaseka, akadali chigwadire, mapazi ake ali kumbuyo. Mlamu yekha sanaseke. Anali ataimirira pambali pake, akuyang'ana pansi.

"Alamu," anatero, "musasunthe."

Msoki anatembenuza khosi n'kuyang'ana mapazi ake. Patapata wake wa kumanzere anali wonyowa, wakuda ndi magazi. Pa chidendene chotupa, pakati pa mnofu wobiriwira, pankanyezimira nsonga ya singano ija. Anali atayenda nayo masiku anayi osamva kanthu.