Kulowa Popanda Odi

A Loko anali atanyoza kampani ina yake m'mawa wonse pamene akazi awo analowa m'shopu, chikwama cha laputopu chili paphewa, fumbi la m'basi lidakali m'tsitsi.

Dzina loti a Loko anawapatsa ndi makasitomala. Ntchito yawo inali yokonza makompyuta, koma matenda awo anali chinsinsi. Kamera iliyonse m'shopumo inali yomatidwa selotepi. Chitseko chinkalemedwa ndi maloko. Sikirini yawo yaikulu inkayang'ana kukhoma, eti kuti maso a odutsa asagwere pa zinthu za eni. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankayamba akufunsa kuti ukufuna ukauze ndani.

Laputopuyo anagula ndi iwowo, pamene akazi awo, omwe anali namwino, ankapita ku maphunziro kutali. Anaikamo okha pulogalamu yoyendetsera kompyuta, ija yaulere yopangidwa ndi anthu odzipereka, yomwe a Loko ankaitama kuposa mwana wawo woyamba. Pasiwedi anati mayiwo asankhe okha. "Ngakhale ine musandiuze," anatero, n'kutembenukira kumbali mwaulemu.

M'laputopumo namwinoyo ankasungamo nkhani za odwala omwe ankacheza nawo pa kafukufuku wake, anthu amene anawalonjeza kuti zawo sizidzamveka. Zikanatuluka, ntchito ikanatha, dzina n'kuipa. Choncho amuna awo atawaimbira foni kuti akatsika basi asapite kunyumba koma athamangire kushopu, mtima unali m'mwamba njira yonse.

"Bambo, kwagwanji?"

"Tiberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, mayi!"

Pabenchi panali mphunzitsi wina amene ankadikira pulinta yake. A Loko sankataya mpata pakakhala womvetsera. Anaimirira, nafotokoza sikuludilaiva ili m'manja ngati ndodo ya wotsogolera kwaya.

Kompyuta ikafuna mapulogalamu atsopano, anatero, imakatenga ku nkhokwe za pa intaneti zomwe mwini wake amazidalira. Tsopano opanga pulogalamu yaulere ija anali atawonjezeramo nkhokwe ya kampani ina yaikulu, mwakachetechete, anthu akuyesa akungokonzetsa makina awo monga mwa masiku onse. Sanafunse munthu. Kuyambira pamenepo, kompyuta ikati ione ngati kwabwera zatsopano, inkayamba yagogoda pakhomo pa kampaniyo, ndipo kampaniyo inkadziwa kuti makina akutiakuti ayaka, ndiponso ali chakuti.

"Nanga za odwala anga aziona?" anafunsa namwinoyo.

"Lero ayi. Koma amene walowa m'nyumba popanda odi, mawa umam'peza kuchipinda."

Mphunzitsi uja anayesa kuikira kumbuyo kampaniyo. Mwina inkafuna kungothandiza, kuti anthu azipeza mapulogalamu ake mosavuta.

Apo ndiye anaponda mchira wa njoka.

"Kuthandiza?" A Loko anamenya tebulo, timasikuluwu n'kudumpha. "Wothandiza amafunsa! Ngakhale ukhale ndi mtima wabwino chotani, sungaike diso lako m'chinthu cha mnzako iye osadziwa. Umenewo ndi ufiti wovala taye. Munthu wotere ngakhale atakhala m'bale wanga, ine kudya naye mbale imodzi ayi!"

Mphunzitsiyo anagwedeza mutu, atagonja. Namwinoyo anayang'ana amuna ake, mtima n'kukhala pansi. Anthu ankawaseka bambowa chifukwa cha maselotepi awo, iyenso nthawi zina ankaseka nawo, koma lero anaona kuti anakwatiwa ndi mlonda weniweni. Anawanyadira.

"Mwina yangayi sinakhudzidwe," anatero. "Si mwati ndi okhawo amene alola makina awo kutenga zatsopano posachedwapa?"

A Loko anaseka kuseka kwa munthu wodziwa zinthu. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Yanuyo ndiye inayambirira! Inatenga Lachiwiri, mutangomaliza kuwalembera achemwali anu zodandaula za ine zija. Kuchokera apo yakhala ikugogoda kukampaniko osapuma. M'mawa muli kuhositelo, gogogo. Masana muli kuchipatala, gogogo. Dzulo muli kulesitilanti kuja munakhalitsako, gogogo. Taonani mwano wake! Bweretsani kuno ndichotsemo nyansizo."

Anatambasula dzanja. Namwinoyo sanasunthe. Anayang'ana chikwama chake. Zipi inali chitsekere kuchokera pamene ananyamuka kumaphunziro kuja.

"Bambo," anatero mofatsa, "laputopuyi mwaigwira liti?"

Mphunzitsi uja anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake ngati wangozigula kumene.

Mayiwo anazungulira tebulo, nagwira sikirini ija yoyang'ana kukhoma, n'kuitembenuza. Panali mapu, ndipo pakati pake kadontho kofiira kankaphethira pa shopu yomweyo. Pamwamba pa kadonthoko panalembedwa kuti "Madamu".