Galimoto ya Phineas Yatsika Phiri Mwakachetechete

Galimoto inatsika phiri la Vumba, n'kukhota pakona, n'kulowa pageti ili zii ngati mphaka. Shupikai Dangare anali chilili pakhonde, manja m'chiuno. Chomwe ankadikira sanachimve.

Inali galimoto ya malemu mwamuna wake, Phineas: yakale, ya ku Mangalande, yopanda denga, mipando iwiri basi. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Phineas ankakwera nayo kuphiri yekhayekha. Shupikai sankaikwera. Mphepo inkamuvula duku, ndipo bondo lake linkadana ndi mipando yotsika. Ntchito yake inali kutchera khutu. Dzuwa likapendeka, pakona yapamtunda pomwe msewu umagawikana pawiri, pankamveka pha! pha-pha! pha! Akangomva, ankatereka ketulo. Madzi asanawire, bambo alowa.

Chimwalirireni Phineas, phiri linangoti duu. N'chifukwa chake Shupikai anapereka galimotoyo kwa mlamu wake Tobias, mng'ono wa malemu, yemwe ali ndi galaja m'tauni ya Mutare. Pempho linali limodzi: aidzutse, aitsitse phiri, iye amvenso kuphulika kuja. Tobias anakhala nayo sabata yonse. Lero n'kubwera nayo yosalankhula.

"Zisiyeni, asisi," anatero Venencia, mnzake wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, yemwe amakhala kumsewu winawo wa pakona paja. Ankathira tiyi, masikono ali pambale. "Ndi phokoso chabe. Ine ya malemu bambo anga ija ndinaifunditsa lona kalekale, sindiiganiza n'komwe."

Shupikai anayang'anitsitsa galimotoyo. Anakwatiwa ndi munthu wa magalimoto, ndipo makutu ake sanali otseka. Ankadziwa kuti m'injini muli disitibyuta, kamphika ka mawaya kogawira moto kumapulagi. Ankadziwanso kuti yeniyeni yakale ndi yosowa, amuna a kukalabu ya magalimoto akale amaichitira nsanje kuposa mkazi wa mnzawo. Ndipo Tobias, tsiku la maliro lenilenilo, anamuona atatsegula boneti, akusuzumira.

Tobias anatuluka m'galimoto akumwetulira.

"Alamu, mwaimva? Ikuyenda ngati mwana!"

"Ndaimva kuti siikumveka. Mwaikamo chiyani?"

"Batire ndi oyilo. Basi."

"Nanga mwachotsamo chiyani?"

Kumwetulira kunatha.

"Alamu, mukuti ndine wakuba?"

"Sindinatchule. Mwadzitchula nokha. Mkulu wanu sanaume n'komwe m'manda, inu mwayamba kale kumusolola matumbo. Bwezani disitibyuta ya mwamuna wanga, apo ayi pakhomo pano musadzapondenso."

"Asisi, mtima pansi," anatero Venencia. "Tiyi akuzizira."

Tobias anakoka boneti mwaukali, n'kuichirikiza ndi kachitsulo.

"Bwerani muone. Bwerani, musaope, siiluma."

Shupikai anatsika masitepe akutsimphina. Tobias analoza bawuti lomwe limagwira disitibyuta. Pamwamba pake panali kadontho kofiirira, kouma, kokutidwa ndi fumbi. Shupikai anakazindikira nthawi yomweyo. Phineas anali ndi chizolowezi chomubera kyutekisi wopaka zikhadabo, n'kumadontheza pa bawuti lililonse lomwe wamanga, kuti wina akagwirapo adziwe. Mtundu umenewu Shupikai anasiya kupaka ana ali kupulayimale. Kadonthoko kanali kosasweka.

"Sipanala yanga sinafike apa," anatero Tobias. "Ya munthu aliyense sinafikepo."

"Ndiye bwanji siikuphulika?"

"Chifukwa siinaphulikepo! Iyi ndi disitibyuta ya ku Mangalande, imayatsa petulo pa nthawi yake. Yophulitsa ndi ija ankaika m'magalimoto opita ku Amereka. Imeneyo ukachotsa phazi potsika phiri, imachedwa kuyatsa, petulo wosapsa n'kukaphulikira mu ekizozi. Achimwene ankanyansidwa nalo phokoso limenelo pagalimoto yawo. Ankati ndi ulemu wochepa."

"Musandipusitse, alamu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulimva ndi makutu angawa. Lamulungu lililonse, pakona apo, iye asanalowe pageti."

Tobias anakanda m'mutu ndi dzanja la oyilo.

"Ndiye munkamva ya wina, yotsika naye limodzi. Koma m'Mutare monse muno galimoto yotere yopangidwira ku Amereka ilimo imodzi yokha." Anatembenukira kukhonde. "Si yanu ija, Mayi Venencia?"

"Imeneyo inafa kalekale," anatero Shupikai. "Ili pansi pa lona."

"Inafa liti? Achimwene ankabwera nayo okha kugalaja kuti ndiziisamala. Matayala ake amatha mofanana ndi a iyi. Yangoima chiikireni maliro."

Pakhonde, tiyi anali atadzaza kapu, n'kusefukira m'sosala, n'kuyamba kudonthera pansi. Venencia anali akuthirabe.